Mpeni wa Miejiang: Mmene Nsungwi Idasungira Midzi ya ku China

Ankafika mpunga usanache. Pa phewa pali ndodo ya nsungwi yopalidwa bwino, kutsogolo kukulendewera kabokosi ka zida, kumbuyo mtolo wa zofunda, ndipo pambuyo pake pakubwera kamnyamata kophunzira ntchito. M'midzi ya m'mapiri a Zhejiang, Jiangxi, Hunan ndi Sichuan, kummwera kwa China, munthu ameneyu ankatchedwa miejiang, kutanthauza mmisiri woluka nsungwi. Ambiri mwa amisiriwa adalibe shopu. Banja lomwe lamuitana ndilo linkamupatsa pogona, kumuphikira, ndi kumulozera nsungwi za kuseri kwa nyumba kuti akasankhe yekha. Pakatha masiku atatu kapena sabata, ankasiya pakhomopo pali madengu atsopano otutira mpunga, malichero, masefa, ndi chimphasa choyanikira mbewu chitatsekedwa paliponse pomwe chidabooka. Akamamanga katundu wake, wa khomo lotsatira amakhala atafika kale kudzamutenga.

Kuluka kunkabwera pambuyo. Luso lenileni linali pa kung'amba. Mmisiri ankaimika mpeni wake wolemera pamutu pa nsungwi, n'kuumenya kamodzi, nsungwi ija n'kutseguka ndi phokoso lomveka mudzi wonse, mfundo ndi mfundo mpaka kutsinde. Theka lililonse ankaling'ambanso, n'kuling'ambanso, kufikira atapeza timizere topyapyala ngati chala. Apa m'pamene ntchito imavutira, chifukwa kamzere kalikonse ankakagawanso m'kunenepa kwake, kulekanitsa khungu lobiriwira la kunja ndi mnofu wachikasu wa m'kati. Khungu ndilo lolimba, losaopa madzi, loyenera dengu lotsukira mpunga kumtsinje ndi mphasa yogonera. Mnofu wachikasu unkapita ku zinthu zokhala pouma. Manja akachepa, mano ankathandiza: mbali imodzi ya kamzere mmisiri ankailuma, inayo n'kumakoka ndi dzanja. Pomaliza ankakhomera timipeni tiwiri pa benchi moyang'anizana, n'kumakoka kamzere kalikonse pakati pake kuti tonse tifanane m'lifupi. Mwana wophunzira ntchitoyi ankatha zaka zitatu kwa mphunzitsi wake, ndipo miyezi yoyamba inkathera pa kusesa zipalo ndi kuzula timinga ta nsungwi m'zala.

Masiku ano mwana wa ku Shanghai, kapena wa makolo Achitchaina okhala ku London, amakumana ndi zinthu zimenezi m'mabuku a zithunzi, ena olembedwa m'zinenero ziwiri kuti mwana wokulira kunja asataye chinenero cha agogo ake. Pa tsamba pamakhala agogo ovala chipewa chosongoka, khanda lili m'kampando ka nsungwi, utsi ukutuluka m'mbale zophikira pa nthunzi. Zithunzi zotere sizinama. Zimangosiya kunja thukuta, msonkho ndi chikoti, zomwe nazonso zili m'mbiri ya chomera chimenechi.

Mmalawi aliyense amene adapetapo ndi lichero kapena kuona nkhokwe ikulukidwa sangadabwe ndi ntchito ya miejiang. Chodabwitsa ndi nsungwi yake. Ya kuno imamera m'zitsamba zothithikana, pomwe nsungwi yaikulu ya kummwera kwa China, yomwe eni ake amati maozhu ndipo kunja imadziwika kuti moso, imayenda pansi pa nthaka. Mizu yake imatambalala ngati ya kapinga, n'kumatulutsa mphukira apa ndi apo, kotero phiri lonse limatha kudzaza ndi mitengo yoima payokhapayokha koma yolumikizana pansi. Kwa akatswiri a zomera nsungwi ndi udzu, m'bale wake wa mpunga ndi chimanga, ndipo imakula ngati udzudi. Pa masiku ake abwino mphukira ya moso imatha kutalika pafupifupi mita imodzi pa tsiku, ndipo pomatha miyezi iwiri yafika pomwe idzathere, mamita 15 kapena 20. Ikatero siitalikanso kapena kunenepa. Zaka zotsatira imangokhwima, ndipo mlimi amaidikira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi asanaidule. Dziko la China lili ndi mitundu ya nsungwi yoposa 500 pa malo opitirira mahekitala 6 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la malowa ndi la moso.

Chaka cha mlimi wa nsungwi chimayamba ndi khasu. M'nyengo yozizira amafuna mphukira zomwe zikadali pansi, zotsekemera ndi zamtengo wapamwamba kumsika. Sizioneka. Wodziwa amayang'ana kumene nsonga ya nsungwi yawerama, amatsata muzu, n'kumaponda pang'onopang'ono kufikira phazi litamva kakutupa kapena diso litaona kamng'alu m'nthaka. Kumayambiriro kwa Epulo, mvula ya nyengo ya chikondwerero cha Qingming ikagwa, mphukira zimatuluka zokha mwaunyinji, zina n'kudyedwa zaziwisi ndi nyama ya nkhumba, zina n'kuwiritsidwa ndi kuyanikidwa kuti zikhale ndiwo za chaka chonse, monga mfutso. Nsungwizi zili ndi chaka chobereka kwambiri ndi chaka chopuma, mosinthana, ndipo banja linkayenera kukonza chuma chake motsatira zimenezi. Ku Zhejiang alimi amadulanso nsonga za nsungwi zatsopano chisanu chisanafike, kuopa kuti chipale chofewa chingazithyole, ndipo nthambi zodulidwazo zimasanduka matsache. Mantha awo ali ndi chifukwa: mu Januwale 2008 madzi oundana adakuta zigawo za kummwera ndi kuthyola nsungwi zosawerengeka.

Pali nthano yomwe mwana aliyense kumeneko ankaimva. Meng Zong, yemwe adakhaladi ndi moyo ndipo adali nduna mu ufumu wa Wu m'zaka za m'ma 200, akuti mayi wake adadwala pakati pa chisanu n'kulakalaka msuzi wa mphukira za nsungwi. Mnyamatayo adafuna osazipeza, ndipo adakhala pansi m'munda wa nsungwi n'kulira, mpaka nthaka idang'ambika mphukira n'kutuluka. Nthanoyi inkaphunzitsa ana kusamala makolo. Idafika mpaka ku Japan, komwe nsungwiyi idatchedwa ndi dzina la mnyamatayo m'katchulidwe ka kumeneko, ndipo m'pamene padachokera dzina loti moso.

Uluki wa nsungwi ndi wakale kuposa kulemba. M'zaka za m'ma 1950, akatswiri ofukula zakale atakumba pa malo otchedwa Qianshanyang, pafupi ndi mzinda wa Huzhou ku Zhejiang, adapeza m'matope zidutswa zoposa 200 za zinthu zolukidwa ndi nsungwi, za zaka zoposa 4,000 zapitazo. Munali mphasa, madengu ndi zogwirira nsomba, zolukidwa m'njira zomwe miejiang wa dzana akadazizindikira atangoziona. Chinenero nachonso chidasunga umboni. M'kalembedwe ka Chitchaina zilembo zambiri zimakhala ndi kachizindikiro kosonyeza banja la chinthucho, ndipo kachizindikiro ka nsungwi, kooneka ngati timasamba tiwiri tolendewera, kali pamwamba pa chilembo cha timitengo todyera, cha dengu, cha muvi, cha chitoliro, cha burashi yolembera, ngakhale cha mawu oti kuwerengera, popeza masamu ankachitidwa ndi timitengo ta nsungwi. Mu dikishonale yaikulu ya mfumu Kangxi ya 1716 muli zilembo zoposa 900 za banja limeneli.

Pepala lisanafike, buku lenilenilo linali nsungwi. Mlembi ankatenga timatabwa ta nsungwi topyapyala, ta m'lifupi mwa sentimita imodzi kapena kuchepera, n'kutiwamba pa moto kuti madzi atuluke ndipo tizilombo tisadzatifumbwe. Madontho otuluka pamenepo ankaoneka ngati thukuta, ndipo mawu oti "thukuta la nsungwi yaiwisi" m'kupita kwa nthawi adayamba kutanthauza mbiri yolembedwa. Pa kathabwa kalikonse pankakwana mzere umodzi wa zilembo, kuchoka pamwamba kutsika pansi. Timatabwato ankatisoka ndi zingwe ziwiri kapena zitatu, ndipo buku likatha ankalipinda ngati mphasa. Akalakwitsa ankapala ndi kampeni, n'chifukwa chake alembi a boma ankatchedwa anthu a mpeni ndi burashi. Mabuku otere adali olemera. Wolemba mbiri Sima Qian adafotokoza kuti Qin Shi Huang, mfumu yoyamba kugwirizanitsa China, ankayeza pa sikelo zikalata zoti awerenge tsiku lililonse, ndipo muyeso wake umawerengedwa kuti udali pafupifupi makilogalamu 30.

Nthaka yonyowa ya China yabweza ena mwa mabukuwa. Mu 1972 ku Yinqueshan, m'chigawo cha Shandong, m'manda mudapezeka timatabwa pafupifupi 5,000, pakati pake buku la Sun Tzu la kamenyedwe ka nkhondo. Mu 1993 ku Guodian, m'chigawo cha Hubei, kudatuluka zigawo zakale kwambiri za buku la Laozi. Amenewa ndiwo amatchuka. Koma kwa wofuna kudziwa za anthu wamba, zofukulidwa ziwiri zina n'zolemera kwambiri. Mu 1975 ku Shuihudi, ku Hubei komweko, adatsegula bokosi la maliro la kalaliki wa boma dzina lake Xi, yemwe adamwalira cha m'ma 217 Khristu asanabadwe. Adamuika ndi timatabwa toposa 1,100 tozungulira thupi lake, tambiri tokhala ndi malamulo omwe ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: kasungidwe ka mbewu m'nkhokwe za boma, kasamalidwe ka ng'ombe zolimira, chilango cha wakuba. Ndipo mu 1996, pa malo omanga nyumba ku Zoumalou mu mzinda wa Changsha, m'chitsime chakale mudapezeka timatabwa ta nsungwi ndi ta mitengo toposa 100,000 ta ufumu wa Wu, womwe uja wa Meng Zong. Munali kaundula wa mabanja, mayina ndi zaka za anthu, ndi mpunga, nsalu ndi ndalama zomwe aliyense adapereka ku boma. Mlimi ankadula nsungwi kuseri kwa nyumba yake, ndipo pa nsungwi yonga yomweyo m'pamene pankalembedwa ngongole yake ya msonkho.

Akalephera kulipira kapena akalakwira lamulo, nsungwi inkamupezanso. Chilembo cha chilango cha kukwapula chili ndi timasamba tiwiri tija pamwamba. Anthu ankafa ndi zikoti mochuluka moti m'chaka cha 144 Khristu asanabadwe mfumu Jing ya ufumu wa Han idakhazikitsa lamulo la kukula kwa chikoticho: chikhale cha nsungwi, cha utali ndi kunenepa koikika, mfundo zake zipalidwe, ndipo wokwapula asasinthidwe pakati pa chilango. Linali lamulo lachifundo m'nthawi yake, ndipo limaonetsa nkhanza zomwe zidalipo lisanabwere.

Pepala lomwe Cai Lun adapereka kwa mfumu m'chaka cha 105 lidapangidwa ndi makungwa, nsanza, chingwe ndi maukonde akale. Nsungwi munalibe, chifukwa ulusi wake ndi wouma ndipo umavuta kufewetsa. Padapita zaka mazana angapo amisiri asanaigonjetse, koma pofika nthawi ya ufumu wa Song, pakati pa 960 ndi 1279, pepala la nsungwi lidali litafala, ndipo pambuyo pake ndilo lidatsitsa mtengo wa mabuku osindikizidwa. Song Yingxing, mphunzitsi wa ku Jiangxi yemwe adatulutsa buku la ntchito za manja lotchedwa Tiangong Kaiwu mu 1637, adalongosola mmene midzi ya ku Fujian inkachitira. Nsungwi zanthete, zomwe zatsala pang'ono kutulutsa nthambi, zinkadulidwa kumayambiriro kwa Juni n'kuviikidwa m'dziwe masiku 100. Kenaka zinkapunthidwa, kutsukidwa, kupakidwa laimu ndi kuphikidwa usana ndi usiku kwa masiku asanu ndi atatu, n'kutsukidwanso, n'kuphikidwanso ndi madzi a phulusa, zisanasinjidwe kukhala phala. Phalalo ankalitunga ndi kasefa kolukidwa ndi timizere ta nsungwi tosalala ngati ulusi, ndipo kugwedeza kwa dzanja kamodzi ndiko kunkalamula kuti pepala likhale lopyapyala kapena lokhuthala. Pepala losasalala, lotsika mtengo, linkapita ku zokulungira katundu ndi ku ndalama za mapepala zomwe mabanja amawotchera makolo awo kumanda.

Kumene nsungwi idaonetsa mphamvu zake zonse ndi ku Sichuan. Cha m'ma 256 Khristu asanabadwe, bwanamkubwa Li Bing adagawa mtsinje wa Min pawiri pa malo otchedwa Dujiangyan, kuti madzi ena apite ku minda ya chigwa cha Chengdu ndipo osefukira adutse kwina. Adalibe simenti. Anthu ake adaluka madengu aatali ngati soseji, a mamita pafupifupi 10, n'kuwadzaza ndi miyala ya mumtsinje momwemo, n'kuwasanjikiza. Khoma lotere limalola madzi pang'ono kudutsa m'mipata, limapindika mtsinje ukakankha, ndipo silisweka ngati khoma louma. Vuto lake n'lakuti nsungwi imaola, choncho chaka chilichonse m'nyengo yozizira, madzi akatsika, anthu a m'midzi yozungulira ankaitanidwa kudzakumba mchenga ndi kuluka madengu atsopano. Ntchitoyi idachitika mibadwo ndi mibadwo kwa zaka zoposa 2,000 konkire isanalowe m'malo mwake, ndipo Dujiangyan ikuthirira minda mpaka lero. Pomwepo pali mlatho wa Anlan, womwe unkalendewera pa zingwe za nsungwi zopotedwa mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene adaikapo zachitsulo. Marco Polo, yemwe adayenda ku China kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, adadabwa ndi zingwe zonga zomwezi pa mtsinje wa Yangtze, zomwe ankakokera ngalawa zolemera molimbana ndi madzi.

Nkhani ya mchere imaposa pamenepo. Sichuan ili kutali ndi nyanja, koma pansi pake pali madzi a mchere. Cha m'ma 1040 anthu a kumeneko adapeza njira yoboola chitsime chopapatiza ngati kukamwa kwa mbale, chakuya kuposa chomwe munthu angakumbe ndi khasu. Ankapachika chitsulo cholemera chosongoka pa lamba wa nsungwi zong'amba zolumikizidwa, lambayo n'kumangidwa ku thabwa lokhala ngati katungwe wa ana. Amuna angapo ankadumphira pa thabwalo n'kutsikapo, kudumphira n'kutsikapo, chitsulo chija chikukwera ndi kugwa, kuphwanya mwala pang'onopang'ono tsiku lonse, kwa miyezi ndi zaka. M'mbali mwa dzenje ankalowetsa nsungwi zazikulu zobooledwa mfundo, zolumikizidwa pakamwa ndi pakamwa, kuti madzi abwino a pamwamba asasakanikirane ndi a mchere. Potunga ankatsitsa nsungwi yaitali yokhala ndi kachikopa kumunsi, kotseguka polowa m'madzi ndi kutsekeka pokwera, ndipo m'zitsime zakuya njati zoweta ndizo zinkazungulira chigudumu chokoka. Chingwe wamba chikadaduka ndi kulemera kwake komwe kapena kuola ndi mchere. Nsungwi ndi yopepuka, imakoka molimba, ndipo mchere umaisunga.

Mu 1835, ku Zigong, chitsime chotchedwa Shenhai chidafika pa mamita 1,001, choyamba pa dziko lonse kudutsa mamita 1,000. Panthawiyo ku America kunali kusanakumbidwe chitsime chotchuka cha mafuta cha Edwin Drake, chomwe chidabwera mu 1859 ndipo chidali cha mamita 21 okha. Zitsime za ku Zigong zinkatulutsanso gasi, yemwe ankamutengera m'mapaipi a nsungwi kukayatsa moto pansi pa mapoto ophikira mchere. Mapaipi otere, okulungidwa ndi zingwe ndi kumatidwa ndi laimu wosakaniza ndi mafuta a mtengo wa tung, ankayenda makilomita ambiri kukwera zitunda ndi kuwoloka zigwa. Kuseri kwa malonda onsewa kudali midzi yodula nsungwi, yong'amba, yopota zingwe, ndi amuna onyamula mitolo pa phewa kupita nayo ku madoko.

Usiku wolowa chaka chatsopano nsungwi inkagwira ntchito ina. Aliyense amene adaponyapo nsungwi yaiwisi pa moto akudziwa zomwe zimachitika: mpweya wotsekeredwa pakati pa mfundo umatentha mpaka kuphulika. Buku la m'zaka za m'ma 500 lofotokoza miyambo ya chigawo cha Jingchu limanena kuti mabanja ankadzuka tambala woyamba n'kuwotcha nsungwi pabwalo kuti aingitse mizimu yoipa ya m'mapiri. Wonga utatulukiridwa, timapepala tokulungidwa tidalanda ntchitoyo, koma mpaka lero dzina lina la makombola m'Chitchaina ndi baozhu, nsungwi yophulika. Mfuti zoyambirira nazo zidali mapaipi a nsungwi odzaza wonga, monga zomwe Chen Gui adatetezera nazo mzinda wa De'an mu 1132.

Anthu ophunzira adaikonda nsungwi mwa njira yawo. Kwa iwo idali chithunzi cha munthu wolungama: yowongoka, yobiriwira ngakhale m'chisanu, yopanda kanthu m'kati ngati mtima wodzichepetsa, yowerama ndi mphepo koma osathyoka. Dai Kaizhi adalemba buku lonse la mitundu yake m'zaka za m'ma 400. Wen Tong ndi m'bale wake Su Shi, m'zaka za m'ma 1000, adakweza kujambula nsungwi ndi inki yakuda yokha kukhala luso lapamwamba, ndipo Zheng Xie, wobadwa mu 1693, adakalamba akuijambula. Zojambula zawo n'zokongola ndipo zikuyenera ulemu womwe zimalandira. Chowawa n'chakuti mayina awo adasungidwa pa pepala la nsungwi, lolembedwa ndi burashi ya chigwiriro cha nsungwi, pomwe mayina a omwe adapanga pepalalo ndi burashiyo sadalembedwe. Nsungwi ya mlimi idali ndodo yotupitsa phewa, yomwe ankanyamulira madzi, manyowa, mpunga ndi mwana wodwala popita naye kwa sing'anga. Idali gudumu lotunga madzi mumtsinje, mono wogwirira nsomba, khola la nkhuku, chipewa cha mvula, masamba okulungira mpunga wa chikondwerero cha mabwato, kavalo woseweretsa ana, ndi chimtsamiro cholukidwa, chopanda kanthu m'kati, chomwe munthu ankakumbatira usiku wotentha kuti mphepo idutse. Chimenechi ankachitcha mkazi wa nsungwi.

Kudalira chomera chimodzi chotere kuli ndi tsiku lake loopsa. Mitundu yambiri ya nsungwi imachita maluwa kamodzi kokha, patapita zaka makumi angapo, ina mpaka zaka 120, ndipo ikatero dera lonse limachita maluwa pamodzi, kubereka njere, n'kuuma. Njerezo anthu ankazidya ngati mpunga m'zaka za njala, koma makoswe nawo ankachulukana nazo, zikatha n'kulowa m'minda ndi m'nkhokwe. N'chifukwa chake akuluakulu ankaona maluwa a nsungwi ngati malodza. Dziko lonse lidamva za zimenezi mu 1983, pamene nsungwi za m'mapiri a Qionglai ku Sichuan zidachita maluwa ndi kufa, nyama za panda zomwe zimadalira nsungwizo n'kuyamba kuvutika ndi njala.

Chomwe chidathetsa maulendo a miejiang ndi beseni la pulasitiki. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, misika ya kumidzi idadzaza ndi mabeseni, zidebe, masefa ndi matumba otsika mtengo, osafuna kudyetsa mmisiri sabata yathunthu. Mpunga udayamba kuyanikidwa pa simenti ndi pa malona. Anyamata omwe akadakhala ophunzira ntchito adakwera sitima kupita ku mafakitale a ku Guangdong ndi Shanghai. Ngakhale pa mtsinje wa Li ku Guilin, komwe chithunzi cha msodzi woima pa bwato la nsungwi zomangidwa pamodzi chidatchuka dziko lonse, mabwato ambiri onyamula alendo tsopano ndi a mapaipi a pulasitiki okhala ndi injini. Mu 2006 boma lidaika uluki wa ku Shengzhou, pamodzi ndi kapangidwe ka pepala la nsungwi ka ku Fuyang ndi ku Jiajiang, pa mndandanda wa maluso a makolo oyenera kutetezedwa. Ndi chinthu chabwino, ngakhale luso lomwe kale linkapezeka pakhomo lililonse likafika pofuna chitetezo cha boma ndiye kuti eni ake atsala ochepa, ndipo ambiri ndi okalamba.

Nsungwiyo sidathe ntchito. Boma la Anji, kufupi ndi pomwe padafukulidwa madengu a ku Qianshanyang, kale linkatumiza nsungwi zake zoyandama pa mtsinje wa Xitiao kupita ku mizinda ya kumunsi. Minda ya m'mapiri itagawidwa ku mabanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mafakitale atabwera, nsungwi zomwezo zidayamba kusanduka matabwa oyala pansi, mipando, makatani, makala ndi nsalu. Filimu ya Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000, yomwe mbali ina idajambulidwa m'nkhalango za nsungwi za ku Anji, idabweretsa alendo. Mudzi wa Yucun, ku Anji komweko, womwe unkadalira migodi ya miyala ndi fakitale ya simenti mpaka fumbi kuyeretsa masamba a nsungwi, udatseka zonsezo m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo Xi Jinping, yemwe panthawiyo ankatsogolera chigawo cha Zhejiang, adakayamikira zimenezi atafika m'mudzimo mu Ogasiti 2005. Mu Novembala 2022 boma la China ndi bungwe la mayiko loona za nsungwi la INBAR, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1997 ndipo likulu lake lili ku Beijing, adakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa nsungwi m'malo mwa pulasitiki. Malawi ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a bungweli.

Makina amang'amba nsungwi mofulumira kuposa mpeni uliwonse, ndipo amaluka mphasa ndi makatani. Dengu lozungulira, lokhala ndi tsinde, mimba ndi mkombero, likufunabe zala za munthu, ndipo amisiri ena okalamba tsopano amaitanidwa ku masukulu kukaonetsa ana mmene kamzere kamodzi kamagawikira. Kumapiri a Zhejiang, nsungwi zatsopano zikatha kutalika, mlimi amalowabe m'munda ndi inki yosakaniza ndi mafuta, n'kulemba pa tsinde la iliyonse dzina la banja ndi chaka chomwe yamera. Mvula siifufuta zilembozo. Yolembedwa 2024 ikhala chiimire mpaka cha m'ma 2029 kapena 2030, pamene mwini wake adzabwera ndi chikwanje, n'kuwerenga, n'kuidula pa mfundo ya pansi penipeni.